Chigoli Chimene Mkamwini Sanaone

Lolemba
Atsikana a timu ya dziko lathu alowa mpikisano wa mayiko! Ndamva pa wayilesi ndili pa benchi langa la tomato pa Nselema, ndipo ndavina mpaka mulu umodzi kugwa. A Bwanali, oyang'anira bwalo la mpira, akuti, "Amenewo ndi a m'tauni. Inu a kuno ntchito yanu ndi nthungululu." Zandipweteka. Ine ndinkavala nambala naini ku pulayimale iwo asanamere ndevu. Ndawauza pamaso pa msika wonse kuti Loweruka amayi a pano tisewera ndi amayi a ku Nayuchi. Akuti tikagoletsa ngakhale chimodzi, bwalo ndi lathu Lachitatu lililonse. Tikalephera, ndisadzatchulenso mpira pamsika. Ndavomera.

Lachiwiri
Olembetsa: khumi ndi anayi. Pagolo Abiti Saidi ogulitsa usipa, manja awo saphonya ngakhale ntchentche. Zosowa: mpira, makabudula, woyimbira.

Lachitatu
Kokonzekera abwera khumi ndi mmodzi. Amuna awo a mayi a Thoko akuti mkazi wawo sathamanga pagulu. Koma akamathamangira minibasi dengu lili pamutu, bambowo sanenapo kanthu. Mpira tabwereka kusukulu, ukutuluka mpweya pang'onopang'ono ngati ife tomwe.

Lachinayi
Wezulo pa Nselema ponse ali nayo munthu mmodzi: mphunzitsi Juma, mkamwini wanga. Zaka zinayi akukhala pakhomo panga ndi mwana wanga Zione, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira amapatukira m'tchire, ngakhale muli chitedze. Zione akuti, "Amayi, kabudula pamaso pa mkamwini? Iyayi." Chabwino, ndimanga chitenje pamwamba. Koma kusewera ndisewera.

Lachisanu
Awiri apita kukamweta mpunga kunyanja ya Chiuta. Tatsala asanu ndi anayi. Atsikana a dziko aja sanalowe mpikisano polira, nafenso sitilira. Ndatuma Zione kukauza mwamuna wake kuti ayimbe mwachilungamo, asandikondere. Wabweza mawu akuti, "Amayi asade nkhawa, sindiwayang'ana n'komwe." Mwana waulemu, analeredwa bwino ameneyu.

Loweruka
A ku Nayuchi atsika pa lole ali khumi ndi mmodzi, onse ndi nsapato. Theka loyamba atimwetsa zinayi. Zimenezo sizikundikhudza, ine ndikufuna chimodzi basi.

Vuto ndi ili: mpira ukangofika kwa ine, mkamwini akutembenuka n'kumayang'ana mtengo wa mango. Akundiponda, wezulo zii. Akundikoka bulauzi, wezulo zii.

Chakumapeto mpira wandipeza ndili ndekha. Ndathamanga, chitenje chamasuka, ndachisiya pomwepo. Ndamenya ndi mwendo wamanzere, mpira wadutsa pakati pa mitengo ya golo mpaka m'munda wa nandolo, poti ukonde tilibe. Ndakuwa mpaka mawu kutha!

A ku Nayuchi akuti wadutsa kunja. A Bwanali akuti anene ndi woyimbira. Woyimbira wake tamupeza atanjuta pakati pa bwalo, chipewa chili kumaso kuyambira pamene chitenje chinagwa. Akuti, "Pepani, sindinaone. Anali apongozi." Chigoli chakanidwa.

Lamulungu
Mawondo atupa, kutchalitchi sindinapite. Bwalo latsala m'manja mwa amuna. Mawa ndibwerera ku tomato pakamwa nditatseka, chifukwa ndinalonjeza ndipo ine sindibweza mawu. Koma m'buku muno si pamsika: chinalowa. Abiti Saidi anaona, ndipo anali kutali, kugolo linalo.

Mkamwini watumiza tambala kudzera kwa Zione, akuti ndi chipepeso. Akufunsanso ngati chinalowadi. Zaka zinayi ndakhala ndikunyadira ulemu wake kwa anzanga, lero ndilibe pothawira. Tambala ndapha, ndadya ndi Abiti Saidi. Mkamwiniyo ndamutumizira mutu wokha m'mbale yovundikira bwino, adye maso.