Ndinawerenga Adzukulu Obwera ku Tchuthi

Kwathu ku Mapuloti, kufupi ndi Chalimbana, kuli nyumba ina ya utoto wachikasu yokhala ndi zithunzi za njovu pakhoma. Mukaiona musafunse kuti anamangitsa ndani. Anthu adzakulozerani kwanga, ndipo adzaloza ndi milomo, osati chala.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1990. Ndinali kalaliki mu ofesi ina ku Lusaka, nditangomanga kanyumba pa puloti yanga. Ndinkalawirira kukadikira minibasi kumsewu wa tala, n'kubwerera nditatheratu. Loweruka linali logona, Lamlungu la kutchalitchi ku mishoni. Anansi anga ndinkangowadziwira madenga a nyumba zawo. Komabe atafuna mlembi, kapena kuti sekeletale, wa komiti ya m'dera anasankha ine, poti ndinkavala tayi ndiponso ndinkatha kutayipa (za nzeru sanafunse, inenso sindinawakumbutse).

Tsiku lina kunabwera mayi wa ku bungwe lina lachifundo. Anati atimangira chinthu chimodzi chokha, kiliniki kapena sukulu ya mkaka, koma chosankha si pakamwa pathu. Anandipatsa mafomu kuti ndiyende khomo ndi khomo, ndilembe aliyense wopezeka pakhomopo ndi zaka zake. Mapepalawo ndiwo adzanene chimene dera likusowa.

Mafomu aja anagona m'kabati miyezi iwiri, mpaka ndinatenga tchuthi mu Disembala. Apa mpamene ndinagwera m'mbuna yokumba ndekha. Chimene sindinkadziwa, pamene ngakhale mbuzi za m'deralo zinkachidziwa, n'chakuti eni mapuloti ambiri anali nkhalamba zopuma pa ntchito. Ana awo anali ku tauni, ndipo masukulu akangotseka ankatumiza adzukulu kwa agogo kuti akadye mango.

Khomo lililonse limene ndinafika, ana anali piringupiringu. Ena mumtengo, ena pansi pa tebulo, ena kumsana kwa anzawo. Ine kulemba, bolopeni mpaka kutha inki. Mkazi wanga ataona mulu wa mafomuwo anapukusa mutu.

"Batate bake Tiza, bana aba si bapano. Ni balendo. Masukulu yakatsegula bazabwelela ku tauni."

Ndinamuyankha kuti fomu ikunena za opezeka pakhomo, ndipo ndinamufunsa ngati anagwirapo ntchito mu ofesi. Pano ndiulule chimene sindinaululepo: mawu akewo ndinawamva bwinobwino. Koma mwana wathu Tiza anali ndi zaka zinayi, ndipo sukulu ya mkaka ya pafupi inkanditsekemera mumtima.

Woyandikana nane anali Ba Lungu, bambo wachikulire wopuma pa ntchito ya positi. Ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse ankapalasa njinga mpaka ku tala, n'kukwera minibasi kukatenga mapiritsi. Nditalemba adzukulu awo onse, anandiperekeza mpaka pageti.

"Ba Sekeletale, mulembe bwino. Ise pano tifuna chabe munthu otipima. Njinga yanilema."

Ndinawauza kuti asade nkhawa, mapepala sanama.

Yankho litabwera linali la sukulu ya mkaka. Pamsonkhano Ba Lungu anaimirira n'kunena mwaulemu kuti mwina pali polakwika. Mayi wa bungwe anakweza mafomu anga m'mwamba, nati dera la ana ambiri chonchi sanalionepo, ndipo anayamikira mlembi chifukwa cha ntchito yaukhondo. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mpata wonena zoona unali umenewo. Ine ndinakonza tayi n'kugwedeza mutu ngati munthu wolandira mendulo.

Anamanga. Timipando tofika m'mawondo, timatebulo, tizimbudzi toti munthu wamkulu akakhalapo adzuke ndi pemphero, katungwe panja. Ntchito inatenga nthawi, moti pomatha n'kuti Tiza atayamba kale giredi yoyamba ku mishoni (inde, sanakhalepo pa kampando ngakhale kamodzi).

Kenaka inafika kalata yoti akuluakulu a bungwe abwera kudzatsegulira, ndipo akufuna kujambula ana. Unali mwezi wa Juni, masukulu ali mkati. Ndinayendanso khomo ndi khomo, ulendo uno wopanda fomu, ndipo ana a msinkhu wa sukulu ya mkaka amene ndinawapeza sanakwane zala za dzanja limodzi. Ndinapita kwa Ba Lungu mutu uli pansi, n'kuwafotokozera zonse, ngakhale za Tiza zija. Ndinkayembekeza kutukwanidwa, mwinanso ndikanapepukidwa. Iwo anangoti mwambo wotsegulirawo tiuike Loweruka, manyazi a mlembi ndi manyazi a dera lonse.

Lachisanu nkhalamba za ku Mapuloti zinakhamukira ku Lusaka kukabwereka adzukulu awo omwe. Ba Lungu anapalasa njinga yawo ija mpaka ku tala, n'kubwera ndi atatu. Loweruka sukulu inadzaza. Ana anaimba, alendo anaomba m'manja, ine ndinajambulidwa nditanyamula mwana wa eni amene dzina lake sindinkalidziwa. Lolemba aphunzitsi anapeza ana atatu ndi nkhuku imodzi. Anapirira teremu imodzi, kenaka anapeza ntchito ku Palabana.

Ndinalembera bungwe lija kupempha kuti nyumbayo isanduke kiliniki. Anayankha mokoma kuti sangatseke sukulu yoyenda bwino chotero, umboni wake ndi zithunzi zija, komanso kuti ntchito yawo m'boma lathu yatha. Kalatayo ndinaiwerenga katatu. Bodza langa linali litakula, litayamba kudziyendera lokha.

Dzinja lotsatira, masana ena mvula itangokata, Ba Lungu anagwa akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Msewu unali matope okhaokha, galimoto yosalowa. Tinawagoneka pa ngolo ya ng'ombe kulowera ku tala, ndipo njira yake inadutsa pa sukulu ya mkaka, pamene njovu za pakhoma zinkangotisekerera. Ine ndinayang'ana kumbali. Anatisiya tisanafike ku tala. Anthu amandiuza kuti mwina ngakhale kiliniki ikanakhalapo sakanapulumuka. Liwu loti "mwina" limenelo landidya zaka zonsezi.

Pamaliro mipando inachepa, ndiye wina anakumbukira kuti ku sukulu kuli yambiri yongokhala. Taganizani madoda a imvi, a majekete akuda, atakhala pa timipando tofiira ndi tobiriwira, mawondo ali kuchibwano. Wofuna kuimirira ankachita kudzutsidwa ndi anthu awiri. Wina anadzuka nako kampando katamukanirira kumbuyo. Anthu ankabisa kuseka m'mipango yopukutira misozi, ndipo ine sindinkadziwa ngati ndilire kapena ndilowe pansi. Adzukulu nawonso anali atabwera ndi makolo awo kudzalira agogo, moti katungwe uja ankalira kwiikwii tsiku lonse.

Nditapita kukagwada kwa mayi Lungu, akazi a malemuwo, kuti ndipepese, anandigwira dzanja nthawi yaitali, akuyang'ana ana osewerawo. Analankhula motsitsa, mopanda ukali.

"Ba Sekeletale, bana babwelanso futi. Lelo musatibelenge."

Ulembi ndinatula sabata yomweyo, ndipo palibe anandikakamiza kuti ndikhalebe.

Lero nkhalamba ya ku Mapuloti ndine. Tiza ali ku tauni, ndipo Disembala aliyense amanditumizira ana ake kuti adzadye mango. Mapiritsi amene ndimamwa ndi omwe aja a Ba Lungu. Mwezi uliwonse ndikamakawatenga ndimadutsa pa nyumba yachikasu ija, ndipo mawondo akandivuta ndimapumira pakhonde pake, pa kampando kamodzi kamene kanatsala. Kukhala ndimakhala ndekha, koma kudzuka ndimadikira wodutsa.