Tsiku Limene Ndinalanda Apongozi Rimoti

Anzanga, inu mumandidziwa, ine pa nkhani ya mafilimu sindigonja. Kumalo anga ometera ku Bwacha kuja munthu akangoti filimu yakutiyakuti ndi yabwino, ndimazimitsa makina mutu wake uli theka, mpaka avomere kuti walakwa. Ndiye pakamwa pangapa mpamene panatsala pang'ono kundimanitsa Enelesi, mayi wa kunyumba kwanguyu.

Nthawi imeneyo malume anga anali atapita kale kukamufunsira, koma bambo ake, a Banda, anati ayambe amuona kaye mnyamatayo, mawu apereka pambuyo. A Banda ndi mwana wa Amalawi aja anabwera kalekale kudzagwira ntchito pamgodi, nawonso anakalambira pomwepo. Enelesi ananditsina khutu kuti Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi banja lonse limaonera filimu yakale ya makawuboyi, ndipo ine changa n'kukhala phee. Mumtima ndinati phee wa chiyani, Mulungu wandiikira mayeso pa phunziro langa lenileni! Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anandilandira bwino ndithu, n'kundipatsa mpando wa pakona, amayi ake Enelesi atakhala pamphasa chakukhomo ndi Enelesiyo pambali. Filimu inayamba, yopanda mtundu ija, mahatchi akuthamanga fumbi koboo, koma mawu osamveka ngakhale pang'ono. Amene amalankhula anali a Banda, rimoti ili pabondo, kufotokoza kuti wa chipewa choyerayo ndiye munthu wathu, akuuza mnzake kuti ng'ombe zabedwa. Ine chisoni chinandigwira. Ndinati bambo wachikulireyu tivi yake yafa, akungobisa manyazi pamaso pa mlendo, nanga ine mkamwini wa mawa ndingokhala osathandiza?

Atangoika rimoti patebulo kuti amwe munkoyo, ndinagwada, n'kuitenga ndi manja awiri mwaulemu wonse, n'kukweza mawu. Mfuti zinalira m'nyumbamo ngati nkhondo yalowera pazenera, amayi kudzidzimuka mpaka kutaya munkoyo pachitenje. A Banda anangondiyang'ana. Munthu wanzeru akanabweza rimoti ija pomwepo, sichoncho? Ine ayi. Ndinaona ngati akudabwa ndi luso langa.

Poona kuti a Banda asiya kumasulira, ndinati ndisangalatse anthu. Ndinayamba kuwaphunzitsa kuti mafilimu akale ndi ozizira, munthu amawomberedwa n'kuyamba wayang'ana kaye pogwera, mfuti imodzi zipolopolo zosatha ngati thumba la mtedza. Enelesi anatsokomola, ine osamva. Ndinapitiriza kuti chondiseketsa kwambiri ndi anthu aja ankaimirira kutsogolo pa bayisikopo ya kumgodi n'kumamasulira filimu, ndinamva kuti Chingerezi sankachidziwa n'komwe, ankangopeka nkhani zawo n'kumanamiza makolo athu.

A Banda anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amene ankaimirira kutsogoloyo ndinali ine," anatero. "Koma musadandaule, rimotiyo sungani. Lero tionera kwa akatswiri."

Abale, rimoti ija ndinaisungadi. Ndinangoti maso pativi, kupemphera kuti magetsi azime, koma tsiku limenelo magetsi anakhulupirika ngati sanazimepo chibadwire.

Pang'ono pokha Enelesi anayamba kutsokomola mwamphamvu, kundiloza rimoti ndi maso. Ine osadziwa chikubwera. Wa chipewa choyera uja anatsika pahatchi, mtsikana wina akumuthamangira, anagwirana m'chiuno, ndiye eeh, anayamba kupsompsonana, apongozi aakazi ali pomwepo! Ndinadina batani kuti ndidumphitse, koma chala chinapita pa loimitsa. Chithunzi chinaima nji, milomo ili pamodzi, kudzaza tivi yonse. Ndinadinanso mwamphamvu, kamphira kamene kanamanga chotsekera mabatire kanaduka, mabatire n'kugwa, lina kugubudukira pansi pa sofa, lina kukaima pafupi ndi phazi la amayi. Nanga mkamwini angakwawe kukatola chinthu kuphazi kwa apongozi?

Amayi anafunda chitenje kumutu n'kunena kuti akukaona nyemba pambaula, chonsecho nyemba tinali titadya kale. Enelesi anawatsatira chothamanga. Tinatsala awiri, a Banda pasofa, ine chogwada dzanja lili pansi pa sofa yomweyo, thukuta kamukamu, ndi awiri aja pativi osasiyana.

"Tamasulirani, akatswiri," anatero a Banda. "Akuti chiyani pamenepa?"

"Akutsanzikana, bambo."

"Oho. Kutsanzikana kwake kwatalika."

Anadzuka okha n'kukazula chingwe kukhoma. Kenako anandiuza mofatsa kuti mawu amatsitsa dala, chifukwa filimu iliyonse amaidziwa pamtima, pamene pali zoterezi amadumphitsa anthu asanazindikire, n'kufotokoza kuti awiriwo apita kukaonana ndi ankhoswe. Anati ana awo onse akula akuonera mafilimu amenewa limodzi ndi makolo awo popanda wothawa pamphasa, mpaka tsiku limene kunabwera ine.

Ndinatsanzika n'kutuluka. Mu minibasi yobwerera ndinalakalaka kulira, chifukwa Enelesi ndinkamukonda zenizeni ndipo ndinadziwa kuti ndamutaya ndi pakamwa panga. Sabata imeneyo ndinkameta anthu mwakachetechete, mpaka makasitomala kumafunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Loweruka malume anatulukira kumalo ometera akuseka kuyambira panja. Anati a Banda avomera. Ine kufunsa kuti avomera bwanji pambuyo pa zonse zija, malume anati mawu awo anali akuti mnyamata wotuluka thukuta chonchija chifukwa cha manyazi ndiye kuti analeredwa, pakamwa pokhapo akonza okha pang'onopang'ono.

Ndipo akukonzadi. Lamlungu lililonse ndimakhala pakona pomwe paja, mawu atatsitsidwa, kumvetsera a Banda akumasulira, ndipo ndikuuzeni zoona, nkhani zawo zimakoma kuposa za Azungu eniakewo. Koma rimoti ya m'nyumba ya eni ine ndinalumbira, ngakhale igwere m'mbale yanga ya ndiwo, ndidzaitana mwini wake adzaivuule yekha.