Malipoti pa Sikelo

Lolemba

Maphunziro a ife oyang'anira anzathu atha. Amati a masabata awiri, koma akhala a masana amodzi, magetsi n'kuzimanso pakati. Zomwe ndatolako:
- bansi imodzi
- fomu yopatsira malikisi alangizi anga a zaumoyo asanu
- mawu akuti "ntchito izipimika"

Wochepa malikisi, malipiro ake sakwera. Fomu ikufunika ku boma Lolemba likubwerali. Ndikufunsa kuti ntchitoyo ndiipima bwanji. Mphunzitsi akuti, "Funso labwino," uku akukwera galimoto.

Lachiwiri

Nzeru yabwera! Si ine mwana wa kapitawo wa pa esiteti? Wothyola tiyi amakoloweka dengu pa sikelo, makilo aoneka, nkhani yatha, palibe kukondera. Ndamangirira sikelo yopimira ana pa mtengo wa mapeyala. Malipoti onse azidzera pamenepo. Ndikudzitayira kamtengo.

Lachitatu

Kupima koyamba kwa malipoti a alangizi aja. A Likoswe, omwe njinga yawo imadziwa njira ya ku bawo yokha: kilo ndi theka. Mai Namame: muvi sukusuntha n'komwe. Buku lawo latsala chikuto ndi mapepala anayi.

Mtima ukundipweteka. Mayiwa akupuma chaka chamawa, ndipo penshoni imatsata malipiro omaliza. Ndiwonso adandiphunzitsa kugwira jekeseni ndili mlendo pantchito. Iwo akungoseka: "Pimani mwanangu, ubwana ndi wanu."

Lachinayi

Malipoti anenepa usiku umodzi wokha!
- wina akulemba zilembo zazikulu ngati za pa chikwangwani
- wina lipoti lake wakutira ndi katoni ya sopo
- wina lake wagoneka panja pa chiperoni, likuchucha madzi

La mai Namame latsala mapepala atatu. Ndikuwanong'oneza kuti awonjezeko kanthu. Akuti alibe nthawi, akuthamangira kwa ana otsekula m'mimba kutsidya kwa mtsinje.

Lachisanu

M'fayilo ya a Likoswe muli chidutswa cha njerwa. Akuti n'chotsindira mapepala, kuno kuli mphepo. Pamenepo n'kuti amayi atandandalika pabwalo ndi ana kumsana, akudikira sikelo yomweyo. A nesi andikalipira pamaso pa onse. Akunena zoona.

Loweruka

Kwa bambo. Akuseka mpaka kutsokomola. "Masamba onyowa, mwala pansi pa dengu, zimenezo tidaziona iwe usanabadwe. Kapitawo amalowa m'munda, amapisa dzanja m'dengumo." Ndikuwafunsa chifukwa chake sadandiuze kale. Akuti sindidafunse.

Lamulungu

Kutchalitchi. M'buku la nyimbo la akazi anga mukugwa kapepala. Zolemba za mai Namame: tsiku la katemera wa mwana wathu, lomwe ine bambo wake, bwana wa zaumoyo, ndidaiwala. Mayi wa pambali akumasula nsonga ya chitenje kufuna chopereka, kapepala kena. Kutsogolo kwathu, kenanso. Kani buku lija lidathera m'midzi!

Manyazi andigwira.

Sikelo ndabwezera ana. Njerwa ndatsekulira chitseko. Mai Namame ndawapatsa malikisi onse, ndipo pomwe fomu ikufuna umboni wopimika ndalemba kuti, "Uli m'zitenje za amayi, bwerani mudzapime nokha."

Ku boma akaibweza, ndikudziwa. Aibweze. Ndidzalembanso zomwezo.