Gasiketi ya Galimoto ya Alamu

Lolemba
Galimoto ya alamu anga a Zuze ili pansi pa mtengo wa mango kuno ku Makhanga, ikudontha oyilo ngati mwana wa chimfine. Anaisiya atabwera kumaliro, iwo n'kubwerera kuntchito ku Nchalo. Lero atumiza gasiketi yatsopano, kalabala kotseka mpata wa polumikizira sampu, chibeseni chija chosunga oyilo kunsi kwa injini. Pafoni akuti, "Alamu, muikonze, muitulutse madzi asanatseke msewu wa ku Muona." Ndayankha kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Pakamwa pangapa! Kuno kuukwati amanditcha makaniko chifukwa ndinagwirapo ntchito kugalaja ya mathirakitala ku esiteti. Yotsuka mathirakitalawo. Kumtunda ku Thyolo kwada bii ndi mitambo ya mvula.

Lachiwiri
Zofunika: sipanala, jeke, silikoni, beseni. Zomwe ndili nazo: beseni, la mayi a kunyumba. Sipanala ndi silikoni ndapeza kuchigayo. Jeke mudzi wonse mulibe. Nzeru yabwera: ndikumbe dzenje ngati la kugalaja, galimoto pamwamba, ine pansi. Ndikukumba tsiku lonse, thukuta kamukamu. Odutsa akuvula zipewa, akufunsa kuti watisiya ndani.

Lachitatu
Ndili m'dzenje. Oyilo wina m'beseni, wina m'khutu. Sampu yatsika bwinobwino, koma gasiketi yakale yakakamira, ndikuipala ndi mpeni wotumbulira nsomba. Mayi a kunyumba akufuna beseni lawo ndi mpeni wawo, ndikuchita ngati sindikumva. Wailesi ikuti mtsinje wa Ruo ukukwera.

Lachinayi
M'dzenje muli madzi ofika m'akakolo. Mvula sinagwe kuno, akutumphuka pansi. Kukhalitsa konseku kuno koma n'kuiwala kuti ku Makhanga ukakumba dzenje wakumba chitsime! Anansi abwera kale ndi ndowa. Ndikukapa madzi, ndikulowa, ndikupaka silikoni wambiri, ndikumanga mabawuti ndi mphamvu zanga zonse kuti isadzadonthenso mpaka kalekale. Gasiketi yafinyika, yatulukira m'mbali ngati lilime, yang'ambika. Ndangokhala m'madzimo kuiyang'ana. Mantha andigwira, alamu ndiwauza chiyani?

Lachisanu
Alamu aimba okha. "Zikuyenda?" Ndati zikuyenda. Ndawoloka pa bwato kupita ku Bangula kukasaka gasiketi ina. Wogulitsa akundiseka: "Bawuti si mdani wanu, bambo. Mangani pang'onopang'ono, ili kenako la mbali inayo." Wopalasa bwato naye wandiponyera lake m'Chisena: "Madzi nkhabe dikhira munthu." Ngati sindikudziwa kuti madzi sadikira munthu. Kunyumba ndapeza anthu akukusa mbuzi kupita kumtunda, mayi a kunyumba akukweza ufa patsanja. Akuti, "Inu muli kalikiliki ndi galimoto ya eni, mbuzi zanu zikwera zokha?" Chonsecho eni akewo ndi achimwene awo.

Loweruka
Madzi m'dzenje afika m'chiuno, mwalowanso achule. Ndapukuta sampu mpaka mbee, silikoni wochepa, gasiketi pamalo pake, mabawuti mwaulemu ngati ndikupereka moni kwa apongozi. Yakhala! Tsopano vuto: wogulitsa anati silikoni agone kaye kuti aume, oyilo ndithire mawa. Galimoto ya matola yomaliza ikutuluka, madzi akunyambita kale matayala ake. Dalaivala akukuwa, "Tiyeni lero, mawa kulibe msewu!" Ndikathira lero idonthanso, ndikadikira mwina sindituluka. Ndasankha kudikira.

Lamulungu
Ndathira oyilo, injini yalira kamodzi n'kamodzi. Ndasuzumira kunsi, ndapitsa chala kuzungulira sampu yonse: gwa, ngakhale kadontho. Chibadwire sindinagwirepo ntchito yooneka bwino chonchi. Msewu wa ku Muona ndiye kulibe, pomwe unali anthu akudutsa pa bwato, njinga zili m'katimo. Galimoto taikweza pachulu kuseri kwa nyumba, nkhuku yayamba kale kuyendera mpando wa dalaivala. Mbuzi zathu atikusira ndi anansi.

Alamu aimba. "Ikudonthabe?"

"Yasiyiratu, alamu."

"Takhuta, zikomo kwambiri! Ndinadziwa ine kuti tili ndi makaniko pabanja. Ndiye mufika nayo nthawi yanji?"

Ndayang'ana madzi, ndayang'ana galimoto. Ndawauza kuti madzi akaphwa, chakumapeto kwa Epulo.