Tsamba Lomaliza Linapita ndi Mtedza

Anzanga, munthu ukapuma pa ntchito nthawi imachuluka, ndipo nthawi ikachuluka m'pamene umadzichotsa ulemu bwinobwino. Ine mphunzitsi wopuma, ndinangoti ndisese kachipinda kosungiramo katundu kunyumba kwathu ku Lupaso, basi. Kuseri kwa matumba ndinapeza thiranki ya malemu amalume, mkatimo muli timabuku takale ta Chingerezi, mapepala achikasu, tina todyedwa ndi njenjete. Nkhani zake za mizukwa, za zigawenga, za apolisi ofufuza, zija tinkawerenga mobisa pansi pa desiki, zomwe lero palibe amazikumbuka.

Ndinatsegula kamodzi kuti ndingosuzumira. Tsache ndinaliiwala pomwepo. Mwini hotela wina wapezeka atafa m'chitsime, ndipo aliyense wa pahotelapo anali naye mangawa. Masiku awiri ndili pakhonde, tiyi kuzizira, kamvula ka Mzuzu kakundiwaza miyendo ine osamva. Ndafika poti wapolisi wati tsopano nditchula wakupha, nditembenuze tsamba, palibe. Masamba anayi omaliza anang'ambidwa.

Nditafunsa za masambawo, mayi akunyumba anayankha osacheuka n'komwe. "Mapepala ena ndinapatsa aNyaChirwa akulungire mtedza. Nanga zaka zonsezi mumawawerenga?"

ANyaChirwa amagulitsa mtedza wokazinga m'mphepete mwa msewu ku Geisha, ndipo amauika m'timapepala topinda ngati nyanga. Ndinavala jekete, ulendo. Tsono munthu wanzeru sakanangofotokoza vuto lake? Ine ayi. Ndinaona kuti n'zamanyazi bambo waimvi kunena kuti akusowa tulo ndi munthu amene anafa m'buku, ndiye ndinangoti andipatse mtedza wonse unali m'lichero.

"Monire adada. Kwabwera alendo?"

"Eya, alendo," ine bodza laiwisi.

Ndinakhala pamwala chapatali pang'ono, mtedza ndikukhuthulira m'matumba a jekete, mapepala ndikuwongola pabondo limodzi ndi limodzi. Ena anali a mayeso akale, ena a kalendala. Masamba atatu ndinawapeza ndithu, mtima kuti myaa, koma wapolisi uja mmenemo akungozungulira, dzina osatchula. Lachinayi, lenilenilo, panalibe.

Ndinabwerera n'kufunsa ngati wina wagulako ndisanafike. ANyaChirwa analoza bambo wa ambulera wakuda amene amatsetsereka ndi msewu. Apa ndikanasiya, eti? Ndinamulondola. Ndipo poti ndinali nditakhuta nkhani za ofufuza, ndinkayenda monyang'ama, iye akaima ine kuseri kwa mtengo wa magetsi, bambo wamkulu ndi mimba yangayi, mtengo wake woonda ngati bango. Munthuyo amadya mtedza umodziumodzi ngati mankhwala.

Potsiriza anamaliza, anafinya kapepala kaja n'kukaponya m'ngalande momwe mumayenda madzi a mvula. Sindinaganize kawiri. Ndinagwada, dzanja m'ngalande mpaka m'chigongono, ndipo powerama mtedza wonse wa m'matumba unakhuthukira pamsewu. Bambo uja anatembenuka, ambulera n'kukwera m'mwamba.

Anali aLongwe. Inde, mkulu wa mpingo wa ku Nkhata Bay, bambo wa mnyamata amene akufuna kukwatira mwana wanga wamkazi. Mwezi wathawu ndinawalandira nditavala suti, ndikuwauza kuti banja lathu ndi la anthu odzilemekeza.

"Asebele, ndinu?" Anayang'ana ine, anayang'ana mtedza, anayang'ananso kapepala kali m'manja mwanga, kenako anatsitsa mawu. "Zinthu zavuta chomene kunyumba? Mukanandiuza, ndikanakugawirani."

Ndinalakalaka ngalande ija itandikokolola. Ndinayamba kufotokoza za thiranki, za chitsime, za mwini hotela, iwo akungogwedeza mutu mwachifundo monga umachitira ndi wodwala malungo. Ndinati ndiwaonetse umboni, nditambasule kapepalako, koma pepala la zaka zimenezo litanyowa linangosanduka phala m'zala zanga.

Ndinabwerera kwa aNyaChirwa bondo lili matope okhaokha. Ulemu unali utapita kale, ndiye ndinangoulula zonse. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Yayi adada, mukanangofunsa. Ine pepala lililonse ndimayamba ndawerenga ndisanapinde, sukulu ndinapitako ine. Anapha ndi wophika."

Wophika! Munthu yekhayo amene ndinkamumvera chisoni buku lonse.

"Koma mundibwereke chiyambi chake," anapitiriza akupukuta misozi. "Sabata yonse ndikudziwa wakupha, koma sindikudziwa kuti anapha ndani."

Lero thiranki ija tikuyiwerenga atatu, poti aLongwe nawo atamvetsa nkhani anabwereka kabuku ka mizukwa, ndipo sanabwezebe. Ukwati wa ana ulipo, mtima wanga uli m'malo. Kungoti nthawi iliyonse akabwera kudzacheza amanditengera mtedza m'mbale yovundikira, n'kunena mwaulemu kuti, "Uwu ndi wopanda pepala, asebele, musavutike."

Ndinalumbira kuti buku lakale ndizidzayamba ndaona ngati tsamba lomaliza lilipo. Likapanda kupezeka, wakuphayo apulumuke ndithu, ine sindidzamulondolanso.