Wilibala ya Layisoni

Mpaka lero anthu a m'malayini a esiteti akandiona amayamba kutsokomola, koma ndikudziwa kuti n'kuseka. Ndinene ndekha, chifukwa ena akamafotokoza amawonjezera zawo.

Miyendo itayamba kundikana, ana anga awiri, Esinati ndi Layisoni, onse othyola tiyi, anagawana zondisamala: uyu madzi, uyu nkhuni. (Mwana akakoma mtima kwambiri, ine ndimayamba kufufuza.)

Chaka chimenecho kunabwera galimoto ya bayisikopo. Anatambasula chinsalu n'kutionetsa tizithunzi tojambula pamanja, toyenda ngati anthu. Pena ana awiri anakweza mayi wawo wokalamba pa wilibala, n'kukamutula kuchipatala, iwo n'kubwerera okha. Anthu anaseka. Ine ndinasiya chinsalu, n'kuyang'ana ana anga. Ananong'onezana, Esinati n'kugwedeza mutu.

Patapita masiku atatu, Layisoni watulukira ndi wilibala yobwereka.

"Ya chiyani imeneyo?" ndinafunsa.

"Mudzaona mawa, amayi."

Mawa! Ine wokafera pa bedi yachitsulo, pakati pa anthu osandidziwa?

Kutacha, Esinati atapita kumadzi, ndinadzikoka ndi ndodo mpaka m'munda wa tiyi, n'kunyonyomala pakati pa mizere. Mawondo anauma pomwepo. Kenaka linthumbu linandipeza. Linayambira kumapazi, n'kumakwera mosapupuluma ngati likudziwa njira. Ndinapirira mpaka litafika posatchula. Pamenepo ndinakuwa, nsalu ndinataya uko.

Othyola tiyi onse anaima, madengu ali kumsana. Kapitawo anaphimba nkhope ndi chipewa, kaya ulemu, kaya kubisa mano.

"Agogo, mwalembedwa liti ntchito?"

Esinati anafika ali wefuwefu, n'kundifunditsa nsalu yake. "Achimwene, thamangirani wilibala!"

Ndiye ndinakweradi, miyendo m'mwamba, anthu onse akuonerera. Titafika pakhomo ndinapeza mulu wa dothi lofiira pambali pa kanyumba kanga.

"Amayi, timafuna kukumatirani khoma long'ambikali mvula isanabwere," anatero Layisoni.

"Nanga zija munkanong'onezana ku bayisikopo?"

"Tinkati chinthu chotere chingatipepukitsire kututa dothi. Inu mumaganiza chiyani?"

Manyazi anandigwira, ndikuvomera, ndipo khomalo anamata bwino ndithu. Koma ntchito itatha wilibalayo sanaibweze kwa mwini wake, ili chikhalire kuseri kwa nyumba. Chifukwa chiyani? Gudumu lake ndinaligulula. Lili pansi pa mphasa yanga. Limandipweteka msana, koma tulo ndimapeza.