Zikomo a Nduna, Mwatifufuta Bwino

Kwa Olemekezeka a Nduna Oona za Bata la Pamphepo,

Monire bwana. Ndine Esme Longwe wa ku Masasa kuno ku Mzuzu, mphunzitsi wopuma amene masiku ano ndimagulitsa uchi wa kwathu ku Nkhata Bay. Ndalemba kalatayi nditagwada, ngakhale mawondo akukana, kuti ndikuthokozeni chifukwa cha masiku anayi aja munatizimitsira intaneti kuti mitima yathu ikhale pansi. Wanga unakhaladi pansi, ndipo mpaka lero sunadzuke.

Choyamba, zikomo chifukwa cha uphungu wanu. Chaka chatha munabwera kuno, munaima mu tenti ife tikunyowa panja, n'kutiuza kuti aliyense wokonda dziko lake adiresi yake ya pa intaneti izithera ndi .mw. Ndinaomba m'manja mpaka ambulera inagwa. Sabata yomweyo ndinagula adiresi yotero, ndinaimata pa mabotolo onse a uchi, n'kuilembetsanso ndi penti pakhoma la nyumba kuti ngakhale akabaza aziiwerenga podutsa.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa sayansi mwaulere. Ine mbuli ndinkaganiza kuti mukazimitsa intaneti, ife am'kati ndi amene timakhala mumdima, akunja n'kumationabe. Mlamu wanga Hudson, wokonza makompyuta ku Chibavi, wandifotokozera kuti kaundula wosonyeza kumene dzina langa lili amasungidwa kuno kumudzi. Mukatseka chipata, makina akunja amagogoda, amagogodanso, akatopa amauza dziko lonse kuti munthu wotero kulibe. Ndiye kuti simunangotitsekera m'nyumba, munachotsanso nambala yapakhomo. Ntchito yotereyi imafuna munthu woti anapita kusukulu.

Chachitatu ndiye chachikulu, mundilole ndikhale pansi. Mwana wanga Temwani anapempha malo ophunzira unamwino pasukulu ina yakunja, yomulipirira zonse. Anali ndi kaimelo kake kaulere kakunja, ka dzina lachibwana loti sindingalitchule pamaso panu. Ndinamukalipira. Ndinati mwana wa mphunzitsi, woimba kwaya kutchalitchi, sangapemphe sukulu ndi dzina lakumabala, alembe adiresi yaulemu ya uchi ija. Analira, koma anamvera, poti ndinamulera bwino.

Sukuluyo inamusankha. Inamulembera katatu m'masiku anu anayi aja, ndipo katatu konse kalata inabwerera ndi uthenga woti adiresiyi kulibe padziko lapansi. Intaneti itabwerera tinalandira kalata yachinayi, youma gwa. Akuluakulu akumeneko akukayika kuti mwina Temwani ndi dzina longopeka la tambwali wina. Atipatsa mpaka Lachisanu kuti munthu waudindo m'boma atsimikize kuti mtsikanayu ndi weniweni, apo ayi malo apatsa wina.

Bwana, mwanayu alipo. Ndinamubereka ndekha, ndipo mboni zilipo. Panopa wadzitsekera kuchipinda, sakudya, sakundiyankhula. Kunena zoona zikundiwawa chomene, ndipo sindikudziwa kuti ndikwiyire inuyo kapena ndidzikwiyire ndekha chifukwa chokumverani. Poti kukwiyira nduna n'kupanda ulemu, ndayamba ndi ine mwini.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha ofesi yanu yakuno, ili ndi mipando yabwino. Ndinakhalapo kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro kudikira kalata yotsimikizirayo. Mlembi wake, mayi waulemu kwambiri, anandiuza kuti madandaulo onse okhudza intaneti azitumizidwa pa intaneti. Ndinapita kwa Hudson, tinatumiza dandaulo langa. Linabwerera. Zikuoneka kuti adiresi ya unduna wanu nayonso sinadzukebe chiigonekereni, ndipo palibe wazindikira chifukwa madandaulo achepa kwambiri mwezi uno. Ndamva kuti mwayamikiridwa nazo.

Nditabwererako tsiku lotsatira, mayi uja anandimvera chisoni. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundilembera pakapepala adiresi imene inuyo mumagwiritsa ntchito panokha, yomwe ana anu ophunzira kunja amakupezeranipo. Chonde musamuchotse ntchito. Ndaiwerenga kawiri nditavala magalasi, kachitatu wandiwerengera Hudson, koma .mw sitinamuonemo. Sindikudandaula ayi. Munthu wamkulu ngati inu simungasowe masiku anayi, dziko lingagwire chiyani?

Pempho langa ndi laling'ono, la munthu wamba. Lachisanu lisanafike, lemberani sukuluyo mizere iwiri yokha, muiuze kuti Temwani Longwe alipo, mayi ake alipo, ndiponso kuti dziko limene mukuliyang'anirali lilipo ndithu, limangozima nthawi zina. Koma ndagwira mwendo wanu bwana, mutumize pa adiresi yanu yakunjayo, kuti kalatayo ikafike.

Yewo chomene.

Ine wanu womvera kwambiri, amene makina akuti kulibe,

Esme Longwe
Masasa, Mzuzu